Za kukadzipenta nkhope ku Domboshava: agogo anu sakukuopsezani chabe

Kalata yabwera kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Tafara, kuno ku Harare m'dziko la Zimbabwe. Iye ndi anzake awiri akufuna kukayenda m'nkhalango mwezi wa Seputembala, akajambulitse zithunzi za tsiku lake lobadwa atadzikongoletsa ngati anthu a m'nthano. Wina akhale njuzu, mzimu wa m'madzi wa Ashona, wina mfumukazi ya m'thengo, wachitatuyo chinachake chonga Gule Wamkulu poti ndi a kwathu, ana a Achewa. Malo asankha Domboshava. Agogo ake akana kwamtuwagalu. Ndiye akufunsa kuti apite kuti, agule zodzola zotani zosasungunuka ndi thukuta, komanso ngati agogowo sakungowaopseza.

Achemwali, ndiyamba ndi funso lomalizalo, chifukwa ndi limene landikhudza.

Domboshava ndi thanthwe lalikulu makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa tauni ya Harare, mukadutsa Borrowdale ndi Hatcliffe n'kulowa m'dera la Chinamhora. Anthu ambiri amangolidziwa ngati malo okaonera dzuwa likamalowa. Koma m'mbali mwake muli phanga lokhala ndi zithunzi zofiira za nyama ndi anthu, zimene anajambula alenje akalekale, ndipo m'phanga lomwelo eni dera ankapempheramo mvula. Mkati muli bowo lopita pamwamba. Ankasonkha moto, ndipo utsi ukatulukira pabowolo ankadziwa kuti pempho lamveka. M'munsi mwa phirilo muli nkhalango ya masuku, amene kuno timawatcha mazhanje, ndipo dzina lake ndi Rambakurimwa, kutanthauza yokana kulimidwa. Nthano yake imati amene anayesa kuswamo mphanje ankadula mitengo lero, mawa n'kuipeza itaimanso.

Wina anganene kuti zimenezo n'zakale. Mu 1998 munthu wina anapaka penti yofiirira ya mafuta pazithunzi za m'phangamo, ndipo ntchito yoichotsa inali yaikulu. Ambiri amagwirizanitsa nkhani imeneyo ndi mkwiyo umene unalipo pakati pa anthu a m'deralo ndi oyang'anira malowo, pa funso lakuti phangalo ndi la yani. Lero malowo ali m'manja mwa National Museums and Monuments of Zimbabwe, mumalipira pageti n'kupatsidwa risiti. Koma risitiyo sikuti yagula zonse. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna.

Malamulo a nkhalango zoterezi safuna sukulu, ndipo mwana wa Mchewa sayenera kuwadabwa. Chipatso chikakhala chowawasa, osachinyoza, ingochisiyani. Masuku amatola ogwa okha, sagwedeza mtengo kapena kugenda. Mukaona chachilendo, kaya nyani wokhala modabwitsa, kaya mtengo wopindika, osaloza chala ndiponso osaseka. Pansi pa muula, umene Ashona amati muhacha, si pokodzera kapena kusinthirapo zovala, chifukwa m'madera ambiri ndi mtengo wopempherera. Malo ambiri opatulika salola chovala chofiira. Wophwanya izi amati amagwidwa ndi chadzimira, kumangozungulira pamalo amodzi osaiona njira imene ili pamphuno pake. Agogo anu ngati anakulira ku Mulanje akuuzani zomwezi za ku Sapitwa, kuti ukapeza chakudya kumeneko umadya wekha osaitana mnzako. Kaya inu mumakhulupirira kapena ayi, mayi amene akutola nkhuni pafupi nanu amakhulupirira, ndipo ndi iyeyo amene mudzamufunse njira mukasochera.

Tsopano njuzu. Chimene mukuona pa Instagram, mkazi wa mchira wa nsomba ndi tsitsi lobiriwira, chinachokera kutsidya kwa nyanja. Njuzu ya kuno si yosewera nayo. Imakhala m'maiwe, imatenga munthu, ndipo abale ake amaletsedwa kulira, chifukwa akalira ndiye kuti sabweranso. Wobwerako amabwera ali sing'anga. Pali maiwe amene salola sopo, mafuta onunkhira kapena poto wa mwaye. Ndiye taganizani mtsikana atakhala pamphepete pa dziwe loterolo, mamba obiriwira kumaso, akununkha perefyumu, anzake akukuwa kuti njuzu tatembenuka. Kwa ife ndiye ngati kukavina za Napolo ku Phalombe, kumene anthu akukumbukirabe za mu 1991. Mamba a nsomba ndi okongola, ndipo kapentedwe kake ndikuuzani, koma kachiteni pamalo opanda eni otero.

Za gule zokha ndiye ayi, ndipo pamenepa sindinyengerera. Gule Wamkulu si zodzola. Zilombo zimachokera kudambwe, zili ndi eni ake, ndipo eni akewo ali konkuno, ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa, Epworth, Mabvuku ndi ku Tafara kwanu komweko. Makolo athu anabwera nawo kumigodi ndi kumafamu, nausunga pamene anzathu ankati zvigure monyoza, ife n'kumatchedwa mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre. UNESCO inaulemekeza mu 2005, koma chimene chinaupulumutsa ndi anthu amene anakana kuusandutsa sewero. Munthu wosalowa gule, makamaka mkazi, akadzipenta moyerekeza chilombo n'kuika pa Facebook, chithunzicho chifika kwa akuluakulu a dambwe dzuwa lisanalowe, ndipo woitanidwa kukayankha adzakhala agogo anu omwewo. Ena amati n'kunyadira chikhalidwe. Kunyadira kotani kumene kumayamba ndi kuswa lamulo loyamba la chinthu chimene ukuti ukunyadiracho?

Ndipo chondiwawa n'chakuti ife tili ndi zathu zokongoletsa nkhope zimene palibe amene amazifunsa. Namwali potuluka m'tsimba ankamulemba timadontho thupi lonse. Agogo aakazi ambiri a msinkhu winawake ali ndi mphini m'masaya, zimene Ashona amati nyora. Ku Chongoni, ku Dedza, komwe kunalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, kuli zithunzi zoyera za madontho zokhudzana ndi chinamwali, pafupi ndi zofiira za Akafula. Sindikuti mukakopere za m'tsimba, nazonso zili ndi mwambo wake. Ndikuti mufunse agogowo kuti pa chikondwerero wamba atsikana a nthawi yawo ankadzikongoletsa bwanji, mikanda ankavala yotani, tsitsi ankaluka motani. Safunsa anadya phula. Mwina mpaka akubwerekani mikanda ya m'sutikesi ija.

Komanso mwasankha mwezi wabwino osadziwa. Kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala mitengo ya msasa imaphuka masamba atsopano mvula isanagwe, ndipo sayamba ndi kubiriwira. Amayamba ofiira ngati vinyo, ena ngati mkuwa, ena apinki, ena achikasu, kenako pakapita masabata ochepa onse abiriwira. Mtengo uliwonse umakhala ndi mtundu wakewake. Munthu wofuna nkhope ya m'nthano akasowa chokopera pamenepo ndiye kuti sanakweze maso. Nonse atatu mukhoza kukhala ana a msasa, wina wa vinyo, wina wa mkuwa, wina wa tsamba lanthete, ndipo palibe amene angakuimitseni panjira.

Kopita

Pa zithunzi zodzipentazi, ine ndikuti Mukuvisi Woodlands. Ili m'tauni momwemo, pamene Glenara Avenue ikumana ndi Hillside Road, ndi nkhalango ya msasa ya mahekitala opitirira 250, yotchingidwa ndi mpanda, njira zake n'zosalala, kuli zimbudzi ndi madzi, ndipo mungathe kuona mbidzi ndi akadyansonga. Haka Game Park, ku Cleveland Dam, ili kufupi ndi kwanu ndipo kuli madzi kumbuyo kwa chithunzi ngati mnzanu wa mamba uja sakugonja. Ofuna miyala apite ku Chiremba, ku Epworth, kumiyala yosanjikizana ija tinkaiona pa ndalama. Kulikonse funsani pageti ngati kujambula ndi kamera yaikulu kuli ndi mtengo wake, ndipo tengani madola ang'onoang'ono, chifukwa za chenji mukuzidziwa.

Ku Domboshava pitaniko tsiku lina, nkhope zili mbee, kukayenda basi. Mivi yopentedwa pathanthwe ikutsogolerani kuphanga ndi pamwamba, ndipo munthu woyenda modekha sakwanitsa ola asanafike. Mukafuna chokhetsa thukuta pitirirani pang'ono mpaka ku Ngomakurira, phiri limene amati kumamveka ng'oma popanda woimba. Kumeneko n'kotsetsereka kwambiri, pitani ndi munthu wodziwa njira. M'phanga zithunzi sakhudza, sathira madzi kuti ziwale, satsamira, ndipo setting spray (chopopera kumaso kuti zodzola zisachoke) kapena perefyumu sapopera pafupi nazo.

Mapanga awiri avumbwitsa. Kuyenda ndi kudzipenta ndi ntchito ziwiri zodana, ndipo cholakwa chachikulu n'kupenta nkhope kunyumba 7 koloko, kukwera kombi, kuyenda makilomita atatu, kenako n'kudabwa kuti masamba a patsaya atsikira kukhosi. Yendani kaye. Pentani mukafika.

Za m'chikwama

Penti ya kumaso ikhale yosungunula ndi madzi, ya mtundu wa Snazaroo kapena Mehron, yolembedwa kuti ndi ya pakhungu. Penti ya acrylic ya ana asukulu imauma gwa, imang'ambika, ndipo pochotsa imazula tiubweya. Onjezani pensulo yoyera yonenepa ya m'zikope, eyeshadow ya mitundu inayi yokha (yofiira moderako, ya mkuwa, ya golide ndi yobiriwira), primer (chodzola choyambira kuti penti igwire), phoda wopanda mtundu, setting spray, guluu wa nsidze zoikirira, timiyala tonyezimira, bulashi yosongoka imodzi, yaphwatalala imodzi, siponji ziwiri, kagalasi, tishu, ndi kabotolo ka madzi oyera a penti okhaokha.

M'tauni, cha ku Gulf Complex ndi m'timashopu ta m'mbali mwake, zonyezimira ndi mitundu yowala zimapezeka zotsika mtengo. Penti yeniyeni ya kumaso yambani kuifuna m'mashopu a zinthu za maphwando a ana, ikasowa tumani ma runner, aja okagulira anthu katundu ku Johannesburg, kudakali masabata atatu. Pogula kulikonse tembenuzani katunduyo. Pakhale mndandanda wa zimene anapangira, ndi kachithunzi ka kabotolo kotsegula kolembedwa 6M kapena 12M, kosonyeza miyezi imene chimakhala chabwino chikatsegulidwa. Chonunkha ngati parafini, chokhala ndi mafuta oyandama pamwamba, kapena cholembedwa dzina la kampani molakwika, chisiyeni. Mitundu ina yowala kwambiri imalembedwa timalemba ting'onoting'ono kuti si ya pafupi ndi maso, ndipo amanena zoona. Hena wakuda uja amajambula naye m'manja musamuyandikize kumaso, kawirikawiri amamusakaniza ndi mankhwala odayira tsitsi otchedwa PPD, amene amatha kutulutsa matuza n'kusiya chipsera cha chithunzi chomwecho.

Chisoti cha mfumukazi musachigule. Waya wofewa, tepi yobiriwira ndi maluwa ansalu a m'mashopu a zaukwati zikwanira, ndipo katani ya lesi ya pa kaunjika ku Mupedzanhamo imasanduka mwinjiro wabwino kuposa wogula. Maluwa a m'thengo asiyeni. Makamaka mukadzabwerera nthawi ya dzinja, duwa lija lofiira ndi chikasu longa malawi a moto, flame lily, limene Ashona amati kajongwe, ndi lotetezedwa ndi lamulo komanso ndi poizoni kuyambira muzu mpaka duwa. Tinyemba tofiira ta mutu wakuda timene timakongola ngati mikanda nato timapha tikatafunidwa. Ndipo utomoni woyera wa nkhadze kapena mtengo uliwonse wa mkaka usakhale guluu wanu, ukalowa m'diso umatentha mpaka kuchititsa khungu.

Kutatsala masiku awiri, pakani kadontho ka penti iliyonse ndi ka guluu kuseri kwa khutu, musiye mpaka mawa lake. Pakayabwa kapena kutupa, chinthucho chatuluka m'chikwama. Guluu wambiri wa nsidze ali ndi latex, ndipo alipo anthu amene khungu lawo silimufuna.

M'mawa wa tsikulo sambani, mudzole mafuta opepuka pang'ono, kenako oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena 50, mizere iwiri yotalika ngati zala ziwiri pa nkhope ndi khosi. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, dzuwa lake limawotcha ngakhale kukuzizira, ndipo khungu lakuda nalo limapsa n'kusiya mawanga. Vaselini, glycerine ndi camphor cream zikhale kunyumba tsiku limenelo. Penti ya madzi ikakumana ndi mafuta imangopanga timadontho ngati mame patsamba la koko, siigwira.

Mukafika khalani pamthunzi mphindi 15 thukuta liphwe. Gunditsani tishu pankhope, osapukuta. Primer ikhale yochepa ngati njere ya nandolo. Tsopano chinsinsi cha khungu lathu: mtundu uliwonse wowala umafuna choyera pansi pake, apo ayi wobiriwira umaoneka ngati phulusa ndipo wofiira umangosowa. Lembani pensulo yoyera pachikope ndi paliponse pamene tsamba likhale, mufafanize ndi chala kuti ikhale yopyapyala, kenako muziika mtundu modinda, osati mokwekweza. Yambani ndi wofiira moderako kumapeto kwa diso, mkuwa pakati, golide pakona ya mkati, wobiriwira kamzere kochepa m'munsi.

Masamba ajambuleni kuchokera pafupa la tsaya kukwera m'mbali mwa diso mpaka pafupi ndi tsitsi. Pachipumi ndi pamwamba pa mlomo pasiyeni, ndi pamene thukuta limayambira. Tsamba la msasa lili ndi timasamba tiwiritiwiri toyang'anana, kawirikawiri magulu anayi, ndipo ta kunsonga ndiye tikulutikulu. Tolani limodzi muliike pabondo muziliona. Ngati dzanja limanjenjemera, dulani chikombole pachivundikiro cha pulasitiki cha ayisikilimu kunyumba, mudzangodinda ndi siponji. Penti isungunuke ngati phala la mwana, bulashi isamadonthe. Pakani kopyapyala, dikirani mphindi imodzi, bwerezani. Kupaka kamodzi kokhuthala ndi kumene kumang'ambika mukangoseka.

Wa mamba uja atenge kaukonde ka malalanje kapena ka anyezi, akachape, mnzake akakoke bwino patsaya osakasuntha, iye azidinda wobiriwira kenako golide pamwamba ndi siponji youma. Pochotsa kaukondeko kanyamuleni molunjika, mukakakoka cham'mbali mamba onse afafanizika.

Timiyala timamatidwa ndi guluu wa nsidze. Donthezani ndi kamtengo ka machesi, werengani mpaka 30 kuti ayambe kunanda, ndiye muike. Mukafulumira kamwalako kamatsetsereka. Super glue ndi guluu wa zikhadabo ayi, ngakhale mnzanu atalumbira kuti iye amatero. Glitter ikhale ya pakhungu, yomatira pa aloe gel pang'ono. Ya m'mashopu a mabuku imadulidwa mosongoka ndipo imakanda diso. Ndipo zambiri zotere ndi tipulasitiki, choncho tsegulirani pamwamba pa chitenje, zogwa zibwerere nanu. Pomaliza phoda pang'ono pamphuno ndi pachibwano, kenako setting spray patali masentimita 25, kupopera kanayi, kudikira, kubwereza. Phoda woyera akachuluka kamera ya flash imamuonetsa ngati mwagwera m'thumba la ufa. Spray ya tsitsi si ya kumaso.

Werengerani mphindi 40 munthu mmodzi, ndiye atatu ndi maola awiri ngati wopenta ndi mmodzi. Mu Seputembala dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko, kuwala kokoma kumayamba cha m'ma 4, choncho bulashi yoyamba igwire ntchito 2 koloko, mutafunsiratu nthawi yotsekera geti. Masana dzuwa lili paliwombo zithunzi zimatuluka ndi maenje akuda m'maso.

Utsi wa mitundu uja ojambula akuukonda masiku ano, makandulo ndi fodya, zonsezo zisalowe m'thengo. Udzu wa Seputembala ndi wouma ngati pepala, mphepo ndi yambiri, ndipo kamoto kamodzi kamasiya lupsa mahekitala. Madzi akumwa malita awiri aliyense. Nsapato zikhale za raba pansi, zokongolazo muvale pojambula pokha. Pathanthwe ndere youma imagwira phazi, koma ikangonyowa ndi sopo, ndipo mukadzapita nthawi ya mvula n'kumva bingu muli pamwamba, tsikani osatsutsana. Perefyumu wa maluwa amaitana njuchi. Musanakhale pamwala kapena pachitsa yang'anani kuseri kwake, mphiri siithawa munthu, imangogona phee pamene yagonapo. Lesi yokwekwa pansi ija inyamuleni m'manja podutsa m'tchire, chifukwa ikakola chitedze chotsalira pamtengo, phwando lathera pomwepo. Chikakugwirani osakanda, matani tepi pamalopo n'kumatula kangapo kuti tiubweya tichoke, kenako musambe.

Tepi yomweyo ndi imene imachotsa glitter madzulo. Timiyala tinyowetseni ndi mafuta a ana kaye, tisamatulidwe mouma. Penti ya madzi imachoka bwino mukayamba kuipaka sopo wofewa musanathire madzi ambiri, ndipo wofiira ndi wobiriwira akasiya kamthunzi, mafuta pang'ono pathonje amamaliza. Mabulashi achapidwe usiku womwewo. Posamba dzifufuzeni nkhupakupa kuseri kwa mawondo, m'chiuno, m'khwapa ndi m'mphepete mwa tsitsi, zina zimakhala zazing'ono ngati njere ya tsabola. Mukaipeza igwireni ndi katweezer pafupi ndi khungu, mukoke molunjika pang'onopang'ono, osaiwotcha kapena kuipaka parafini. Pakatha sabata n'kuyamba kumva mutu, kutentha thupi ndi mwanabere, ndipo pena pali kachilonda kakuda pakati, pitani kuchipatala mukanene kuti munali kuthengo, kuti asangoyeza malungo okha.